Tsiku limene ndinasenza makina a labu kupita kwa a Mhango

Inu ana anga, Tamandani ndi Lonjezo, mwakhala mukundinena kuti ndikayamba nkhani za kuntchito sindimaliza, ndimangoseka pakati n'kuyamba ina. Ndiye lero ndalemba, kuti mukafuna kundidula pakamwa muzingotseka bukuli. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndazidumpha dala, mulibe kanthu koma mbatatesi ndi chisanu. Tiyambire pamene ndinavala gauni loyera.

Chaka changa choyamba, ku Kawale

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena ka mpingo ku Kawale. Ndinafika ndi satifiketi yanga yoyeza magazi ili m'pepala la pulasitiki, nsapato zatsopano zikundiluma, ndikuganiza kuti Lilongwe yense akudikira ine. Labu yake inali kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Munali tebulo, sinki yodontha, makina oonera tizilombo aja timati maikulosikopu, ndi a Kamwendo, mkulu amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zija n'kunena kuti, "Mwana wanga, pepalalo kasunge kunyumba. Pano timafuna matako odziwa kukhala pansi ndi maso osafulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kusukulu anatiphunzitsa maina a tizilombo, koma a Kamwendo anandiphunzitsa khalidwe lawo. Tizilomboto ankatinena ngati anthu oyandikana nawo nyumba amene sagwirizana nawo. Tsiku lina, tikudikira kuti magalasi a magazi aume, anandifunsa kuti, "Iwe wophunzira, thupi la munthu lili ndi asilikali ake, si choncho? Nanga bwanji pabenchi panjapo padzaza odwala? Asilikaliwo akugona?" Ndinayamba kulakatula za m'buku koma anandidula. Anati asilikali sagona, koma tizilomboti ndi atambwali. Ka malungo kakangolowa ndi udzudzu kamathamangira kuchiwindi n'kukhala phee masiku angapo. Kakatuluka kamalowa m'kati mwa maselo ofiira a magazi, asilikali n'kumadutsa panja osadziwa kuti m'nyumbamo muli mlendo. Ndipo poti kapamba amasefa magazi n'kuchotsa maselo odwala, maselo amene muli tizilombowo amamatirira m'mitsempha ing'onoing'ono kuti asadutse kumeneko. Nyongolotsi za likodzo nazo zimadzipaka zinthu za m'magazi a mwini thupi yemweyo, asilikali n'kumaziyesa abale.

Kenaka anatulutsa kabokosi m'dirowa. Munali galasi limodzi lakale limene anachokera nalo ku Nkhotakota kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Nditasuzumira ndinaona kanthu kotalika, kopindika ngati kansomba, kali pakati pa maselo.

"Ameneyo ndiye mkulu wa atambwali onse," anatero a Kamwendo. "Ka matenda a kaodzera, kobwera ndi ntchentche ya kashembe. Aka sikabisala ayi, kamasambira poyera. Nzeru yake ndi kusintha malaya. Asilikali akaphunzira malaya ake amapha pafupifupi tonse, thupi limazizira, wodwala n'kumati ndachira. Koma towerengeka timakhala titavala kale malaya ena. Timaswana, thupi limatenthanso, asilikali n'kuyambiranso sukulu. Zimapita choncho mpaka tikalowe ku ubongo, ndipo tikafika kumeneko nkhani yavuta. Ku Lilongwe kuno kulibe kashembe, mwina udzapuma ntchito usanakaone kamoyo. Koma anthu amayenda."

Zaka za pakati, ku Biwi ndi ku Chinsapo

Za zaka izi sindichulukitsa gaga m'diwa. Ndinakwatiwa ndi bambo anu, munabadwa inu, a Kamwendo anapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Chimene ndinaphunzira kwambiri ndi kugwira ntchito popanda zipangizo. Magalasi oikapo magazi tinkatsuka ndi sopo wa ufa, kuwiritsa, kuyanika, n'kugwiritsanso ntchito mpaka atachita zikande moti umatha kuona malungo pa galasi lopanda magazi. Magetsi akazima ndinkatulutsa makina pawindo n'kutembenuza kalilole wake kuti akole dzuwa. Ku Chinsapo kunali mayi wina amene ankakwiya ndikamuuza kuti magazi ake alibe malungo. Ankati, "Ndiye ndayenda ulendo wonsewu pachabe? Tayang'ananinso bwino, amayi, mwina mupezamo ngakhale kamodzi." Ndinkaikonda ntchitoyi, ndinene mosabisa. Palibe china chimene ndikanasankha.

Chaka changa cha khumi ndi zisanu, ku Area 25, miyezi yotentha

Atandisamutsira ku kachipatala kena ka mpingo womwewo ku Area 25, ndinapeza wamkulu wake ali a Matewere. Anali munthu woona mtima, wodziwa kuchiza, koma wamalamulo ngati wapolisi wa pamsewu. Makiyi ankalira m'chiuno mwawo, moti tinkawamva asanatulukire pakona n'kubisa makapu a tiyi. Kumene anachokera kunabedwa maikulosikopu ndipo iwo anagona kupolisi masiku awiri asanapezeke wakuba weniweni. Chichokereni kumeneko anaika lamulo: makina akatha ntchito azitsekeredwa m'kabati, ndipo asatuluke pakhomo la labu ngakhale kubwere ndani. Kiyi mmodzi anali nawo iwo, wina anali ndi ine.

Apa ndi pamene akulowa a Mhango. Anali telala, kwawo ku Rumphi, mkulu wa mpingo wa anthu a kumpoto, ndipo ankakhala cha kumunsi kwa msika. Munthu waukhondo ngati ameneyo sindinamuonenso. M'mwezi wa Okutobala, fumbi lili koboo, iwo ankafika pachipatala atavala jekete ndi tayi, nsapato zikuwala. Anabwera koyamba akudandaula kutentha thupi ndi mutu. Ndinayeza magazi, malungo sindinawapeze, koma a Matewere anawapatsa mankhwala a malungo poti ndi mmene tinkachitira. Patapita sabata ndi masiku anabweranso. Magazi oyera. Kachitatu ndinakhala pa galasi lawo mpaka khosi kuuma, osaona kanthu. A Matewere anawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumenekonso anapita atatchena, anawayeza, n'kuwabweza kuti akapume. Koma kolala ya shati inali itayamba kuwakulira, ndipo anthu a pamsika, amene pakamwa pawo sipatopa, anali atayamba kale kunong'onezana za matenda ena aja.

Loweruka lina ndinakumana ndi akazi awo, anyaGondwe, pamzere wa kuchigayo. Nditafunsa za odwala, misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Amama, adada aja akutha ine ndikuona," anatero. "Thupi likatentha amanjenjemera mpaka bedi kulira. Masiku awiri, atatu, kenaka zii, ngati si iwo."

"Nanga akamanjenjemera choncho bwanji simubwera nawo? Ine nthawi zonse ndimawaona ali bwinobwino."

"Iii, simukuwadziwa inu! Akuti mkulu wa mpingo sangaoneke pamsewu atafunda bulangete ngati chidakwa. Amadikira thupi lizizire, ine ndisite shati, amange tayi, ndiye ayende okha ndi miyendo yawo. Ndinawauza kuti tiitane wa kabaza, anandiyang'ana ngati ndawatukwana."

Ndinaika thumba la chimanga pansi. Ndinafunsa ngati a Mhango anayendako chaka chimenecho, ndipo anyaGondwe anati inde, anapita kwawo kukaika maliro a mkulu wawo, kumudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya nyama. Anabwerako ali ndi chotupa pakatumba chimene sichinaphulike, akuti inawaluma ntchentche yoluma ngati singano. Pamenepo mawu a a Kamwendo anandibwerera onse. Ulemu wa a Mhango unkathandiza tizilombo. Ankandibweretsera magazi pa tsiku lenileni limene asilikali a m'thupi anali atangosesa, totsala tili tochepa moti dontho limodzi silikanatigwira. Ndipo sabata iliyonse imene tinkataya inkatiyandikizitsa ku ubongo.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya a Matewere n'kufotokoza zonse. Vuto linali lakuti utoto umene timapaka pa magalasi kuti tizilombo tioneke unali utatha masabata awiri apitawo, ndipo labu inali itangokhala. Popanda utoto njira inali imodzi: kutenga dontho la magazi thupi lili motentha, n'kuliyang'ana pompopompo lisanaume, tizilombo tikadasambira. Ndinapempha kuti tsiku limene a Mhango adzatenthenso thupi ndidzapite ndi makina kunyumba kwawo.

"Kaodzera ku Area 25?" anatero a Matewere akuvula magalasi a maso. "Mayi Nangozo, mwayamba kuwerenga mabuku ambiri. Akuchipatala chachikulu sanapeze kanthu, inu ndiye muposa iwo?"

"Sindikuposa munthu, bwana. Onse tinawayeza tsiku lolakwika."

"Ndiye abwere tsiku loyenera. Wodwala ndiye amapita kwa makina, makina sapita kwa wodwala. Akatuluka pakhomo paja, inunso mwatuluka. Tamvana?"

Ndinati tamvana. Mwina mufunsa kuti bwanji sindinangopaka magazi pagalasi n'kutumiza kuchipatala chachikulu. Ndinaganizapo. Koma galasi lopanda mwini wake likanakhala pamzere masiku, ndipo ndani akanamvera mayi wa pa kachipatala amene sanaone kanthu ndi maso ake, pa wodwala amene iwo anamubweza kale?

Lachinayi la sabata yomweyo

Cha m'ma thu koloko masana anyaGondwe anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja. Anati thupi latentha kuposa kale, ndipo dzulo lake adada anagona tulo ali pakati posoka, zimene sanachitepo. Anawachonderera kuti abwere, mpaka anaitana oyandikana nawo kuti awanyamule, koma a Mhango anagwira mwendo wa bedi n'kunena kuti wowakhudza adzayankha pamaso pa akulu a mpingo. A Matewere anali atapita kumsonkhano m'tauni.

Ndinaima patsogolo pa kabati ija kiyi ali m'manja, ndipo ndinachita mantha, osati pang'ono. Bambo anu anali atangochotsedwa ntchito miyezi imeneyo, ndipo gauni langa loyera ndilo linkatidyetsa tonse. Iwe Tamandani unali Sitandade 8, Lonjezo anali asanayambe n'komwe sukulu. Ndinadzifunsa kuti nanga ndikakapeza magazi ali oyera kachinayi, ndidzati chiyani? Koma ndinaganizanso kuti ndikakhala, thupi lizizira Loweruka, Lolemba mkulu uja abwera ndi tayi wake, ine ndilembanso kuti palibe kanthu, ndipo ndidzakhala ndikudziwa kuti ndikunama. Ndinatsegula.

Makina aja anali ndi bokosi lawo lathabwa, lolemera ngati dengu la mbatatesi. Mwana wa ku Ntcheu saopa katundu. Ndinapinda nkhata, anyaGondwe ananditwika, ndipo potuluka tinakumana ndi namwino wathu pakhomo. Anayang'ana bokosi, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Ine lero maso akundiwawa, sindikuona bwino." Podutsa pamsika amayi a tomato anayamba kukuwa. "Adokotala, mwayamba geni? Muli chiyani m'bokosimo, mandasi?" Wina anati ndikusamuka pabanja. Ndinayankha kuti inde, ndapeza mwamuna wa galimoto, ndipo anaseka mpaka tinakhota.

Tinawapeza a Mhango atafunda mabulangete awiri, mano akugundana, thukuta lili kamukamu. Atangondiona anayesa kudzuka.

"AnyaGondwe, mwalowetsa mlendo ine ndili chonchi? Patseni jekete."

"Abambo, gonani," ndinatero. "Jekete lanu ndaliyeza katatu, lilibe matenda. Lero ndabwerera inuyo. Bweretsani chala."

Sindinayambe ndalankhulapo choncho kwa munthu wamkulu, ndipo ndikuganiza kuti kudabwa n'kumene kunawachititsa kutambasula dzanja. Tinakokera tebulo la makina awo osokera pakhonde, ndinaikapo makina anga, n'kutembenuza kalilole kuti akole dzuwa. Dontho loyamba, palibe. Lachiwiri ndinaliyenda lonse, ngodya ndi ngodya, mpaka linauma. Palibe. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikawauzire bambo anu. Ndinabaya chala china. Pa dontho lachitatu, cha m'mphepete, ndinaona maselo ofiira akugwedezeka ngati pali wina akuwakankha kuti adutse. Kenaka kanatulukira, kotalika, kopindika, kakupalasa ndi mchira wake, ndipo pambuyo pake panabwera kena.

Ndinakuwa kuti, "Ndakupeza, tambwali iwe!" Ndikuvomereza kuti ndinasangalala, ndipo pompo ndinachita manyazi posangalala ndi matenda a munthu. Koma mdani amene wamuona ndi wosiyana ndi amene ukungomumva. AnyaGondwe anasuzumira n'kudumphira m'mbuyo akuti, "Mama ine! Tamoyo!" A Mhango anati sangakhulupirire za kumva. Tinawagwira uku ndi uku mpaka pakhonde, bulangete lili paphewa, anthu odutsa akuona. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Timeneti tili mwa ine?"

"Tili mwa inu, abambo. Tikachedwa, tizilomboti tilowa kumutu. Ndipo thupi likazizira tibisalanso, akuchipatala akubwezaninso."

Kenaka anati, "AnyaGondwe, kapempheni galimoto ya a neba. Tayi musiyeni."

Ndinalemba kalata yofotokoza zimene ndaona, ndinapaka magazi pa magalasi ena awiri kuti akatsimikize okha, ndipo mkulu wa mpingo anakwera kumbuyo kwa pikapu yonyamula makala atafunda bulangete, dzuwa likuswa mtengo.

Pobwerera ndinamva makiyi ndisanafike pakhomo. Msonkhano unali utatha msanga. A Matewere anali ataima patsogolo pa kabati yopanda kanthu, nkhope itatuwa, atatsala pang'ono kuitana apolisi. Ndinatula bokosi, iwo analitsegula, anayang'ana chilichonse, n'kulitsekera. Ndinayamba kufotokoza zimene ndapeza koma anakweza dzanja. Anati ndipereke kiyi, ndipite kunyumba, ndidzabwere Lolemba kudzamva chigamulo.

Lolemba lotsatira

Masiku atatu amenewo sindinadye bwino. Chimene chinkandivuta kwambiri sichinali ntchito ayi. Ndinkadziwa kuti kuchipatala chachikulu akatenga madzi a pamsana kuti aone ngati tizilombo tafika ku ubongo. Ngati tinali tisanafike, mankhwala ake anali opiririka. Ngati tinali titafika, mankhwala a nthawi imeneyo anali aukali moti ena ankawapha ndi mankhwalawo. Ndinkangowerenga masabata amene tinataya, ine ndemwe ndikulemba kuti magazi ali bwino.

Ndinapeza kalata ili kale patebulo la a Matewere. Inali chenjezo lomaliza, kuimitsidwa masabata awiri, kenaka kusamutsidwira ku Area 23. Sanandichotse, ndipo ndinadziwa kuti pamenepo anayesetsa. Ndili pakati powerenga, chitseko chinatseguka popanda odi. Anali anyaGondwe, maso ali psuu ndi kusagona, fulasiki ili kukhwapa.

"Pepani, adada, ndalowa ngati mbuzi," anatero kwa a Matewere, kenaka anatembenukira kwa ine. "Amama, atipeza tizilombo tija pa magalasi anu. Madzi a pamsana atenga. Akuti ndi oyera. Sitinafike kumutu." Anandigwira manja onse awiri. "Adokotala akuti tikanachedwa masabata ena awiri, sakudziwa. Ndipo adada aja ayamba kale kulongolola kuti zovala za m'chipatala n'zosasita."

Ndinaseka ndikulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi, gauni lonse kunyowa. A Mhango anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa, anasokanso zaka zambiri, ndipo diresi la ukwati wako, Tamandani, anasoka ndi iwo. Koma tsiku limenelo zonsezi tinali tisanazidziwe. Tinkangodziwa kuti mkulu uja akhala moyo.

AnyaGondwe atatuluka, a Matewere anakhala pampando akuyang'ana kalata ija.

"Mayi Nangozo," anatero, mawu ali pansi, "kalata iyi sinding'amba. Lamulo munaphwanyadi, ndipo ndikailekerera mawa wina adzanyamula firiji ya katemera."

"Ndikudziwa, bwana."

"Koma mukanandimvera ine, mkulu uja tikanamuika m'manda chaka chino, ndipo ine ndikanapita kumaliroko ndi mtima woyera, osadziwa kanthu." Anatulutsa cholembera m'thumba la shati n'kundipatsa. "Sainani apa. Ndipo zikomo kuti simunandimvere."

Ndinasaina dzina langa lonse, mosathamanga, ndi zilembo zikuluzikulu.